Nambala ya Nyumba Yakale

Amayi anga, Eduvigis,
analumikiza mawu a anthu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri
ku ofesi ya lamya ku Valparaíso,
zala zikuvina pa zingwe.
Ankadziwa pamtima nambala ya dokotala, ya wansembe,
ya chibwenzi cha mkulu wa padoko,
ndipo sanaulule kanthu.

Lero lamya ikalira amanyamula rimoti ya TV
n'kunena "Halo" mwaulemu wonse.
Ikalirabe, amatsegula firiji
kuona ngati mlendoyo ali m'menemo.

Ndinawagulira ya mabatani akuluakulu,
ndinamata chithunzi changa pa batani loyamba.
Anachiyang'ana nthawi yaitali.
"Bambo wadaziyu akufuna chiyani?"
Ndinachimatula, ndinamata china
cha ine ndili mwana, mano awiri akutsogolo palibe.
Chimenecho anachidziwa.

Ndiye anayamba kuimba.
Ine ndimayendetsa basi yamagetsi, Barón mpaka Aduana,
foni ikunjenjemera pantchafu
ngati kambalame kotsekeredwa m'thumba.
Lachiwiri lapitali, maulendo makumi atatu ndi anayi.
Ndikaima n'kuyankha:
"Nolberto, bambo ako sanabwere. Chakudya chazizira."
Bambo tinawaika ku manda a Playa Ancha
chaka cha chivomezi chija.
Poyamba ndinkawauza zoona,
iwo n'kulira maliro atsopano,
tsiku lililonse maliro.
Tsopano ndimati sitima yachedwa padoko.
Bodza limeneli landikwana ngati nsapato yakale.

Mu Julaye, mvula ikumenya malata,
wina anaimba, mawu osasa, akusisima:
"Agogo, ndachita ngozi, ndili kupolisi, musauze munthu."
Amayi, amene sadziwa kuti lero n'lachingati,
anakumbukira pamene pali kabokosi ka mphete.
Anazipereka pachipata kwa mnyamata wovala chipewa.
Mdzukulu wamwamuna alibe.

Usiku umenewo ndinazula chingwe pakhoma.
Mchemwali wanga Griselda, ali uko ku Antofagasta,
anandikalipira: "Wawatsekera m'ndende."
Iye amaimba Lamlungu lokha, mphindi khumi,
n'kumati akumveka bwino, akuseka.
Sakhalapo lamya ikaikidwa pansi
amayi n'kundifunsa,
"Mayi uja ndani? Akugulitsa chiyani?"

Ndinapirira masiku atatu.
Lachinayi ndinawapeza lamya yakufa ili pakhutu,
akuigogoda ndi chala:
"Pepani, mzere waduka. Musadule, ndikulumikizani."
Ndinagwada, ndinabwezera chingwe.

Bilu itabwera ndinaona nambala imodzi
ikubwerezedwa m'mawa uliwonse, folo koloko.
Ndinaizindikira mochedwa:
ya nyumba yathu yakale ya ku Cerro Cordillera,
imene tinagulitsa ine ndisanamere ndevu.
Ndinaimba, manyazi atanditsamwitsa.
Anayankha wophika buledi, Don Heriberto.

"Ndinu mwana wa Doña Eduvigis?
Musavutike. Nthawi imeneyo ndimakhala ndekha ndi uvuni.
Amafunsa ngati ana adzuka.
Ndimati adzuka, asamba, akumwa tiyi.
Amati ndiwaveke majuzi,
kunja kuli mphepo ya panyanja.
Tsiku limene sanaimbe mtanda sunafufume bwino,
ndinkangoyang'ana khoma."

Sindinadziwe choyankha.
Ndinafunsa mtengo wa buledi.

Dzulo ndinadzuka tambala asanalire,
ngakhale kuno olira ndi agalu ndi sitima,
ndinaima kuseri kwa chitseko.
Zala zimene zimalephera kumanga batani la malaya
zinadina nambala yonse osaphonya.
"Wamng'onoyo amakana juzi," anatero,
"amati imamuyabwa m'khosi.
Koma mumuumirize, chifuwa chake n'chofooka."
Anamvetsera. Anagwedeza mutu. Anathokoza.

Ndinabwerera kuchipinda mwakachetechete.
Pansi pa kabati ndinapeza juzi yobiriwira,
njenjete zitadya pachigongono.
Ndinaivala pansi pa yunifolomu.
Inandiyabwa m'khosi ulendo wonse,
Barón mpaka Aduana,
ndipo foni inalira kasanu tisanafike pa Plaza Sotomayor.